Dzino Losweka Lingathe Kupulumuka

Mphunzitsi amene amaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, kapena kalaliki wolandira anthu mu ofesi ya Boma, adziwa manyazi amene dzino losweka limabweretsa. Ambiri dzino likayamba kuwawa amathamangira kuchipatala ndi pempho limodzi lokha, lakuti alizule. Koma munthu wamkulu ali ndi mano 32 okha, ndipo lozulidwa silimeranso. Mano oyandikana nalo amayamba kupendekera pa mpata wotsalawo, ndipo kutafuna kumavuta. Nchifukwa chake kuli koyenera kuti awerengi athu adziwe za chipewa cha dzino, chimene madotolo amachitcha crown.

Khungu likachekeka limapola lokha, koma kunja kwa dzino, kumene kuli kolimba koposa fupa, kukabooka sikubwereranso. Bowo laling'ono dotolo amangolitseka. Koma dzino likadyeka kwambiri, likang'aluka, kapena atachotsamo mtsempha wake wovunda, limatsala lofooka, ndipo lingathe kusweka munthu akutafuna chimanga chokazinga. Pamenepo mpamene chipewa chimafunika: chimavundikira dzino lonse kufikira m'nkhama, ndi kulimanga pamodzi monga mkombero umangira dengu.

Nchito yake imayenda motere. Dotolo amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, napala dzinolo mbali zonse pafupifupi milimita 1 kufikira 2, kuti chipewa chipeze malo. Kenaka amatenga chikombole cha mano, natumiza kwa mmisiri wopanga mano, ndipo wodwala amavala chipewa chongoyembekezera. Chenicheni chikafika, dotolo amayesa ngati mano akulumana bwino, nachimata ndi simenti yake.

Luso limeneli lidayamba kale. Mu 1889 Charles Land, dotolo wa mano wa ku Detroit m'dziko la America, adalembetsa njira yopangira chipewa cha dongo loyera lowotcha, longa la mbale zadothi. Chidali chokongola, koma sichidachedwe kusweka. Mu 1907 William Taggart wa ku Chicago adaonetsa njira youmba chifanizo cha phula ndi kuthira golide wosungunula m'malo mwake, kotero kuti chitsulo chidayamba kukwana dzino bwino lomwe. Mu 1962 kudalembetsedwa njira yowotchera dongo lija pamwamba pa chitsulo, kuti kukongola ndi kulimba zikhalire pamodzi. Ndipo mu 1985 ku Zurich, Werner Mörmann ndi Marco Brandestini adayamba kugwiritsa nchito makina a kompyuta otchedwa CEREC, amene lero amasema chipewa wodwala ali chikhalire pampando.

Tsono munthu asankhe chiti? Golide ndi zitsulo zina zimakhalitsa ndipo sizifuna kupala dzino kwambiri, koma zimaonekera, motero ziyenera mano a m'kati otafunira. Dongo loyera lifanana ndi dzino lobadwa nalo, ndipo liyenera mano apatsogolo. Zirconia, imene yafala masiku ano, njoyera ndiponso njolimba. Ana ang'ono amawaveka zipewa zachitsulo chosachita dzimbiri, zimene zimagwa pamodzi ndi dzino la ubwana.

Chenjezo nali. Chipewa sichivunda, koma dzino la pansi pake lingathe kuvunda, makamaka m'mphepete mmene chipewa chakomana ndi nkhama. Wosatsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, wokonda shuga ndi zakumwa zotsekemera, ndi wotsegula mabotolo ndi mano, adzataya ndalama zake pamodzi ndi dzino lomwe. Chosamalidwa bwino chimatha zaka 10 kapena kuposerapo.

Kuno kwathu vuto lalikulu lakhala kuchepa kwa madotolo a mano, pakuti kale onse ankaphunzira kunja. Mu 2019 College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idatsegula maphunziro a udotolo wa mano mothandizana ndi University of Glasgow. Komabe dotolo sangaveke chipewa pa dzino limene latsala chitsa chovunda. Aphunzitsi ndi anchito a Boma, amene anthu a m'midzi amawamvera, awuze anzawo kuti apite kuchipatala bowo likadali laling'ono, ndipo asanavomere kuzula ayambe afunsa ngati dzinolo lingapulumuke.