Mahomoni Achikazi m'Thupi Lobadwa Lachimuna

M'chaka cha 1950, munthu wina wa ku New York, amene adaakhalapo msilikali wa dziko la America, adafika mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Iyeyu adabadwa ndi thupi lachimuna, koma chiyambire ubwana wake mtima unkamuuza kuti ndi mkazi. Anthu otere masiku ano amatchedwa transgender. Kumeneko dokotala wina, dzina lake Christian Hamburger, adavomera kumpatsa mahomoni achikazi ndi kumamuyang'anira mwachidwi. Pothokoza dokotalayo, iye adadzisankhira dzina loti Christine Jorgensen, ndipo mbiri yake idawanda m'maiko ambiri mu December 1952.

Kodi mahomoni nchiyani? Ndi timadzi tamphamvu timene thupi limapanga lokha, ndipo timayenda m'magazi kukauza ziwalo zoti zichite. Testosterone ndiye amameretsa ndevu ndi kulimbitsa minofu, pamene estrogen amakulitsa maŵere. Munthu aliyense ali ndi mitundu yonse iŵiri. Chosiyana nkuchuluka kwake basi. Tsono ntchito ya dokotala ndiyo kutsitsa woyambayo ndi kukweza wachiŵiriyo. Amapereka estradiol, wakumwa, wobaya kapena womata pakhungu, ndipo kaŵirikaŵiri amawonjezerapo spironolactone kapena cyproterone wofooketsa mphamvu ya testosterone.

Woyamba mankhwalaŵa ayenera kukhala woleza mtima, pakuti thupi silifulumira. Maŵere amayamba kuphuka pakapita miyezi 3 mpaka 6, ndipo amatenga zaka 2 kapena 3 kuti afike pamlingo wake, monga zimakhalira ndi mtsikana amene akutha msinkhu. Khungu limafeŵa, minofu imachepa mphamvu, mafuta amayamba kukhazikika m'chiuno ndi m'ntchafu. Koma zilipo zina zimene mahomoni sangasinthe. Liu likakula, lakula; msinkhu ndi mafupa a munthu wamkulu zimakhala momwemo; ndevu zimangomera mochedwerapo, osatheratu. Chinanso chofunika kuchilingalira mozama ndi mbeu yaumuna, imene imachepa mwinanso kutheratu, ndipo sinthaŵi zonse imabwerera munthu akasiya mankhwala. Nchifukwa chake dokotala wabwino amafunsa za nkhani yobereka asanalembe piritsi ngakhale limodzi.

Ngozi yaikulu ili m'magazi. Estrogen angathe kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibulumwacho chikathaŵira m'mapapo munthu angafe mwadzidzidzi. Wosuta fodya ndiye ali pachiswe koposa. Nayenso spironolactone amachulukitsa mchere wa potassium m'magazi, umene ukapitirira muyeso umasokoneza kagundidwe ka mtima. Motero madokotala amayeza magazi miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, pambuyo pake kamodzi kapena kaŵiri pachaka.

M'chaka cha 2019 bungwe la World Health Organization lidachotsa mkhalidwe umenewu pagulu la matenda a maganizo. Komabe m'maiko ambiri anthu otere amaopa kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi ndi chitonzo, ndipo ena amangogula mapiritsi olera nkumamwa mobisa. Apa mpamene pagona tsoka. Ambiri mwa mapiritsi ameneŵa ali ndi ethinyl estradiol, mankhwala amene Jorgensen adaayamba kumwa payekha asanapite ku Denmark. Madokotala adaleka kuwapereka pantchitoyi ataona kuti amaundanitsa magazi koposa estradiol, ndiponso kuti kuchuluka kwake sikuoneka pa kuyeza magazi kwa nthaŵi zonse.