Nkhope ya Bette Davis Pamaso pa Wojambula

Aliyense wofika ku Senga Bay, kugombe la Salima, amaona anyamata akugulitsa kwa alendo zithunzi zopenta ndi manja: asodzi m'mabwato, kapena dzuwa likutuluka panyanja. Luso alipo nalo ndithu. Koma si kawirikawiri kupezapo nkhope ya munthu amene tingamutchule dzina, pakuti kujambula munthu ali pamaso pako ndiyo ntchito yovuta koposa. Tsono tiyeni timve za mmisiri wina wa kutali amene anadzipereka pa ntchito imeneyi.

Don Bachardy anabadwa mu 1934 ku Los Angeles, m'dziko la America. Iye sankatengera pa zithunzi za kamera ai. Wofuna kujambulidwa ankayenera kukhala phee pamaso pake kwa maola angapo, ndipo pomaliza ankalemba dzina lake ndi tsikulo pansi pa chithunzicho, ngati mboni. Zimene anaona pa ntchitoyi anazisimba m'buku lake, Stars in My Eyes, lotuluka mu 2000.

Mmodzi wa amene anawajambula ndi Bette Davis, mai wotchuka pa masewero a kanema, amene analandira kawiri mphotho ya Oscar. Pamene anakhala pansi kuti ajambulidwe mu 1973, anali ndi zaka 65. Zaka zonsezo anthu anazolowera kumuona atadzola zokongoletsa, ataunikiridwa ndi nyali zobisa makwinya. Bachardy sanabise kanthu. Pensulo yake inatsata zimene maso anaona. Maiyo atapenyetsetsa chithunzicho, anavomereza mwanthabwala kuti nkhalamba ili papepalayo ndi iye mwini. Anamwalira mu 1989, koma nkhope ya tsiku limenelo idakalipo.

Nanga ife makolo titengepo chiani? Ambiri a ife tikaona mwana akujambula pamchenga kapena m'kope la sukulu, timamudzudzula kuti akutaya nthawi. Chonsecho mwana wotere akuphunzira kupenya munthu modekha ndi moona. Mmera mpoyamba. Timugulire pensulo ndi pepala, ndipo tilole kukhala pamaso pake ngakhale ola limodzi.

Inunso achinyamata, musafune anthu otchuka. Agogo anu ali pakhonde pomwepo akusoka ukonde. Apempheni mwaulemu, muwajambule monga alili, ndi imvi zao zomwe, iwo akali moyo.