Okwera Njinga, Phunzirani Kudziteteza Panjira

Amayi, abambo ndi inu achinyamata a ku Angónia, Tsangano, Milange ndi Mandimba, kwathu kuno njinga ndiyo miyendo yathu. Ndi imene imafikitsa mbatata kumsika, mwana kusukulu, wodwala kuchipatala. Koma panjira pamakhala mavuto. Atsikana amaimbiridwa mluzu, kutukwanidwa kapena kugwiridwa kaliyala. Akabaza amalandidwa njinga kukada. Mtsikana akaopsezedwa kawirikawiri amayamba kuopa njira, mapeto ake n'kusiya sukulu.

N'chifukwa chake lero tikukamba za masewera odzitetezera monga judo ndi karate. Judo anaiyambitsa Jigoro Kano ku Japan m'chaka cha 1882, ndipo karate inachokera pachilumba cha Okinawa. Kwa wokwera njinga, phindu la masewerawa ndi kudziwa kuchoka pamalo oopsa muli bwinobwino. Nazi zinthu zinayi zofunika kuphunzira.

Choyamba ndi kagwedwe. Wophunzira judo amayamba ndi kuphunzira kugwa asanaphunzire kugwetsa mnzake. Munthu akamagwa panjinga amathamangira kutsamira dzanja lowongoka, ndipo m'pamene mkono kapena fupa la paphewa limathyoka. Inu pindani mkono, gunditsani chibwano pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, ndipo lolani thupi ligubuduke cham'mbali.

Chachiwiri ndi mawu. Wachipongwe amadalira kuti muchita manyazi n'kukhala chete. Muyang'aneni, nenani mokweza kuti, "Ndisiyeni!" kapena "Sindikukudziwani!" Musatukwane, musakanganenso naye. Mawu okwezawo amaitana anthu a m'minda ndi a m'nyumba zapafupi.

Chachitatu ndi njinga yanu. Ngati njira ili yotseguka, musaime, palasani kulowera kumene kuli anthu. Akakutsekerani njira, tsikani ndipo njinga ikhale pakati pa inu ndi iye ngati mpanda. Gwirani handulo ndi chishalo, mapazi atalikirane pang'ono kuti asakukankheni mosavuta.

Chachinayi ndi kumasula dzanja. Munthu akakugwirani pamkono, malo ofooka ndi pamene chala chake chachikulu chakumana ndi zala zinazo. Potozani mkono wanu kulowera pamenepo, kokani mwamphamvu kamodzi, kenako thawani mukukuwa.

Koma mvetsetsani ichi: wachifwamba akatulutsa mpeni kapena chikwanje, kapena akakhala ambiri, musalimbane nawo. Asiyireni njinga ndi katundu. Njinga mudzagula ina, koma moyo sugulidwa.

Zinthu izi zimakhazikika m'thupi pozibwereza. Phunzirani pagulu, masana, paudzu kapena pamchenga, ndi mphunzitsi wodziwika kwa makolo ndi amfumu. Mtsikana asamatsale yekha ndi mphunzitsi. Yambani kugwa mutanjuta musanayese mutaimirira. Amayi oyembekezera asachite nawo zogwazi. Ndipo chitetezo chimayambira pakhomo: onani mabuleki ndi mpweya musananyamuke, yendani awiri kapena atatu, ndipo muuze wina njira imene mudzere.

Nanga zoipa zikachitika? Munthu amene wagwiriridwa apite kuchipatala msanga, asanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu. Kumeneko amapereka mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV otchedwa PEP, amene amamwedwa kwa masiku 28, komanso mankhwala oteteza kutenga mimba. Kufulumira ndiye kothandiza. Kupolisi kuli ofesi yolandira madandaulo a nkhanza, yotchedwa Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Nkhani ikakhudza mwana, imbani mwaulere pa nambala 116, Linha Fala Criança.

Inu makolo, mwana akabwera kudzakuuzani kuti wina akumuvutitsa panjira, mumvetsereni mpaka amalize. Musamufunse kuti anavala chiyani kapena anachedweranji. Wolakwa ndi wochita chipongweyo. Musamulande njinga kapena kumuletsa sukulu, chifukwa kutero n'kulanga wosalakwa. Mupezereni anzake oyenda nawo, ndipo nkhaniyo muifikitse kwa aphunzitsi, kwa amfumu kapena kupolisi. Mwana amene akudziwa kuti kunyumba amukhulupirira, amalimba mtima kukuwa panjira.