Pokwera Ilala ku Nkhotakota, manja akhale opanda kanthu

Ilala siifika pamtunda ku Nkhotakota. Madzi a pagombe la Linga ndi osaya, motero sitimayi imaponya nangula patali ndithu n'kutsitsa maboti ake awiri kuti adzatenge anthu. Kawirikawiri zimenezi zimachitika usiku kapena m'bandakucha. Botilo nalonso silikhudza mchenga wouma. Limaima pamene madzi akulekeza m'mawondo, tsiku la mafunde m'chiuno, ndipo aliyense, kaya ndi mphunzitsi, wansembe, mayi wageni kapena mlendo wodzaona malo, amapinda zovala n'kulowa m'madzimo katundu ali pamutu.

Sutikesi yamateyala ija, yonyaditsa pabwalo la ndege la Kamuzu, pano ilibe ntchito. Mumchenga siyenda, pamutu siikhazikika, ndipo funde likangoinyambita, zonse zam'kati zanyowa. Mwini wake amayamba kufunafuna mnyamata woti amusenzere, mumdima, pakati pa anthu ambirimbiri amene aliyense maso ali pa boti.

Sitimayi ndi nkhalamba yolimba. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Dzina lake ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay kumapeto a sabata kulowera kumpoto, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka ku Chilumba, kenako n'kubwerera. M'malo ambiri mwa amenewa mulibe doko loti sitima n'kutsamira. Ndandanda wa maulendo ake umasinthasintha, ndipo ikapita kokakonzedwa, sitima ina yocheperapo monga Chilembwe ndi imene imagwirizira, choncho wanzeru amayamba wafunsa asananyamuke pakhomo.

Kumayiko a azungu, anthu ena okonda maulendo osangalala a pasitima zapanyanja ali ndi chizolowezi chonyamula kachikwama kamodzi kokha, kolemera makilogalamu 7 kapena 8, komwe ndege zambiri zimalola munthu kulowa nako m'kati. Iwo amatero pothawa kulipira ndalama yowonjezera, komanso poopa kuti sutikesi ingasochere pabwalo la ndege sitima n'kuwasiya. Kwathu kuno chifukwa chake n'china, ndipo n'chachikulu kuposa ndalama. Munthu amafunika manja ake onse awiri.

Amene anakwerapo akudziwa mphindi imene boti lafika m'mbali mwa sitima. Injini yazima kapena ikungolira pang'onopang'ono, chitsulo cha sitima chaima njo pamwamba panu, ndipo boti likukwera n'kutsika ndi funde. Khomo lolowera lili pomwepo, koma kamphindi kena lili pafupi ndi phazi lanu, kamphindi kena lakwera kufika pachifuwa. Amalinyero akukuwa kuti gwirani apa, pondani apo. Kumbuyo anthu akukankha, kutsogolo ena akufuna kutsika. Muyenera kudikira funde likukwezeni, kenako n'kugwira chitsulo ndi manja onse, n'kuponda kamodzi kokha mosakayika. Munthu amene dzanja lina lagwira jumbo ya mabanzi, lina lagwira chigubu, paphewa pakulendewera chikwama, amafika pamenepa alibe chogwirira. Amayamba kupatsira katundu wake kwa anthu osawadziwa, ndipo maso ake amatsatira katunduyo m'malo moyang'ana poponda.

N'chifukwa chake ine ndimati chikwama chabwino paulendo uwu ndi choberekera kumsana, chazingwe ziwiri, chomwe mwini wake angathe kuchisenza pamutu yekha popanda womutukula. Ngati simungathe kuchikweza nokha muli m'nyumba mwanu, m'madzi simudzatha.

Nanga muikemo chiyani? Yambani ndi pulasitiki yolimba, yaikulu, muiyale m'kati mwa chikwamacho ngati thumba lachiwiri, ndipo zonse zilowe m'menemo musanamange kukamwa. Chikwama chimanyowa ndi zambiri: funde polowa m'boti, madzi a pansi pa botilo pamene aliyense akupondaponda, mame a usiku pamwamba pa sitima. Foni, chiphaso cha unzika, tikiti ndi ndalama zikhale m'kapulasitiki kenanso, ndipo kameneko kasakhale m'chikwama ayi, kakhale pathupi panu, m'thumba lotseka kapena m'kachikwama ka m'khosi kolowetsa m'malaya. Ndalama zina zikhale zamanja, zosinthasintha. Airtel Money ndi Mpamba n'zothandiza, koma pakati pa nyanja netiweki imatha, ndipo wogulitsa tiyi sangadikire kuti ibwerere.

Zovala ndiye pamene ambirife timagwera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ulendo wa sabata imodzi sufuna zovala zisanu ndi ziwiri. Chovala chimene mwavala, china chosinthira, ndi chimodzi chabwino cha kutchalitchi, kumzikiti kapena kumwambo umene mukupitira, basi zakwana. Kunyanja kuchapa sikuvuta. Malaya ochapa m'mawa amakhala atauma dzuwa lisanafike paliwombo, bola mukhale ndi kachidutswa ka sopo. Nsalu zopepuka zimauma msanga. Jinzi ikanyowa imakhala tsiku lonse ikudontha, ndipo imalemera.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sindingalole munthu kusiya ngakhale chikwama chitachepa bwanji. Choyamba ndi chitenje, ndipo abambo musachite nacho manyazi. Chimayalidwa pansi pogona, chimafundidwa, chimapukuta m'thupi, chimatchinga dzuwa, chimakhala nkhata posenza, chimabisa munthu posintha zovala zonyowa pagombe. Chachiwiri ndi juzi yotentha kapena jekete yotchinga mphepo. Anthu a kumtunda amaganiza kuti kunyanja n'kotentha nthawi zonse chifukwa amakumbukira thukuta la pa boma la Nkhotakota mu October. Pamwamba pa sitima usiku ndi nkhani ina, makamaka kuyambira May kufika August pamene mwera ukuwomba kuchokera kumwera. Mphepo imeneyo imalowa mpaka m'mafupa, ndipo kuchoka ku Nkhotakota kukafika ku Likoma ndi mtunda wopitirira makilomita 100, maola angapo muli pamtetete. Amene alipira zipinda zogona ndi ochepa. Ambiri amagona pamabenchi a m'munsi kapena pamatiresi pamwamba, ndipo juzi ndi imene imasiyanitsa wogona ndi wochezera.

Juziyo muivale mutalowa kale m'sitima. Musaivale m'boti, ndipo musavalenso chikhothi chachitali kapena nsapato zolemera. M'tchalitchi cha All Saints pa Nkhotakota pomwepa muli manda a Chauncy Maples, bishopu wa Anglican wa ku Likoma, amene anamira mu September 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe chakumwera kwa boma lino. Anali munthu wodziwa kusambira, ndipo olemba mbiri yake amati mkanjo wake wautali utamwa madzi ndi umene unamulemera. Nyanja imeneyi ndi yokoma, koma mwera ukakwiya sisankha munthu. Mu July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto ndipo anthu 145 anafa. Sindikunena izi pofuna kuopseza. Ilala yadutsa m'mafunde ambiri n'kufika bwino. Kungoti thupi lopepuka, lopanda zolendewera, ndi limene limatha kudzithandiza kapena kuthandiza mnzake. Jekete yoyandamitsa ikapezeka m'boti, valani, ndipo siingakhale bwino pathupi ngati muli ndi zikwama zitatu m'mapewa.

Kuphazi kukhale nsapato zazingwe zomanga kuchidendene, zosaopa madzi. Patapata amavuka ndi funde loyamba lomwe, ndipo pachitsulo chonyowa amaterera.

Zotsalazo ndi zazing'ono. Katochi, makamaka kovala kumutu kuti manja atsale. Chaja ndi batire yosungira moto wa foni, poti potchajira m'sitima n'pochepa ndipo pamakhala mzere. Mswachi, mafuta odzola, tishu. Botolo limodzi la madzi akumwa. Neti yaudzudzu ngati simukudziwa kumene mukagone, chifukwa malungo kunyanja ndi a chaka chonse. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani opitirira masiku amene mwawerengera, limodzi ndi buku lanu lakuchipatala. Sitima ikachedwa kapena ikadumpha sabata, wa pachilumba sangakwere minibasi. Pano mpamene kupepukitsa katundu kuyenera kulekera. Siyani diresi lina, koma mankhwala a masiku owonjezera musasiye.

Kamba wa paulendo akhale wouma: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chigumu, nthochi pang'ono. M'sitima mumagulitsidwa nsima, mpunga ndi tiyi, ndiye palibe chifukwa chonyamulira mapoto. Amene mutu umazungulira pamadzi adye pang'ono asanakwere, apewe zamafuta, akhale pamene pakupita mphepo.

Tsopano pali vuto limene alangizi a maulendo a kunja sakulidziwa. Mmalawi sapita kwa abale chimanjamanja. Ungachoke bwanji ku Nkhotakota, kwawo kwa mpunga, n'kukafika kwa apongozi ku Chizumulu wopanda ngakhale kathumba? Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo sindikufuna kuti ufe. Koma mphatso siyezedwa ndi kulemera kwake. Makilogalamu awiri kapena atatu a mpunga wonunkhira wa faya, paketi ya shuga, masamba a tiyi ndi chitenje chatsopano zimalowa m'chikwama chomwecho ngati mwachepetsa zovala zanu. Ngati mtima ukufunadi kupereka thumba lathunthu, lisokeni bwino, lembani dzina ndi nambala ya foni ndi inki yosafufutika, lilipireni ngati katundu, lipite m'malo a katundu, ndipo kumene mukupitako akudikireni ndi anthu olitsitsa. Chosayenera ndi kuligawa m'majumbo asanu n'kupachika m'manja mwa ana. Mwana pokwera boti asanyamule kanthu, ndipo dzanja la kholo likhale la mwanayo. Mayi wobereka khanda kumsana chikwama chake chinyamulidwe ndi wina, ngakhale wosamudziwa. Zimenezi pagombe anthu amachitirana, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimandikondweretsa pa ulendowu.

Kunena zoona, si onse angayende mopepuka. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba zamiyala, minda ndi yochepa, ndipo chakudya chambiri chimachokera kumtunda. Matumba a chimanga ndi ufa, shuga, mafuta ophikira, makireti a zakumwa, simenti, malata, zonsezi zimadutsa m'maboti omwewo. Mayi amene wakhala pamchenga usiku wonse atatsamira matumba ake sananyamule zambiri chifukwa chosadziwa kulongedza. Katunduyo ndi mpamba wake, ndi fizi ya ana, ndiponso ndi nsima ya mabanja a pachilumba amene adzagule kwa iye. Kumuuza kuti apepukitse katundu n'kumulakwira.

Ndiye ife amene tikupita kukacheza, kukachita msonkhano, kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma chimene anayamba kumanga mu 1903, tili ndi chifukwa chinanso chochepetsera zathu. Boti lililonse lili ndi malire a kulemera kumene lingasenze. Sutikesi yaikulu yodzaza zovala zimene sizidzavalidwa imadya malo a thumba la chimanga kapena a munthu, imachulukitsa maulendo a boti pakati pa gombe ndi sitima, ndipo sitima imachedwa kunyamuka. Kuchedwa kwa pa Nkhotakota kumakafika nako ku Likoma, ku Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Boti likadzaza, lolani lipite, lidzabweranso. Sitima siichoka maboti ake asanakwezedwe.

Chimene chingathetse zonsezi ndi doko lenileni. Nkhotakota ndi tauni yakale ya malonda a panyanja, kuyambira m'zaka za m'ma 1840 pamene Jumbe Salim bin Abdallah ankawolotsa zombo zake kupita kutsidya, ngakhale kuti malonda akewo anali oipa, a akapolo ndi minyanga. Lero bomali lili ndi mpunga, nsomba, shuga wa ku Dwangwa ndi msewu wa M5, koma gogo wopita kukaona zidzukulu akuyenerabe kunyamulidwa pamsana kuti akafike m'boti. Wolumala ndi wodwala ulendowu umawakanika. Aphungu ndi akhonsolo a m'mbali mwa nyanja ayenera kumafunsidwa za nkhani imeneyi nthawi zonse, osati pa kampeni pokha.

Pobwerera chikwama chija chimafuna malo, chifukwa abale a pachilumba sakulolani kuchoka opanda usipa kapena utaka wouma. Mpunga ndi shuga zija zikatsika, malo ake ndi amenewo. Nsombazo zikulungeni m'pepala kaye, kenako m'pulasitiki yakeyake, ndipo muziike pamwamba kuti zisafumbutuke. Mukangofika kunyumba zitulutseni muziyanike, chifukwa zikagona m'pulasitiki masiku awiri zimachita nkhungu.