Mazira a timba ndi mtundu wa kuchikazi

Timba sachepa ndi mazira ake, amatero akuluakulu. M'madambo a kwa Kalindawalo, kuchokera ku Petauke mpaka ku Nyimba, kambalameka kamaluka chisa m'tchire lalifupi mvula ikagwa. Mukasuzumira m'zisa zingapo mudzaona kuti timba wamkazi aliyense ali ndi mazira akeake: ena oyera, ena abuluu, ena ofiirira, okhala ndi madontho ndi timizere ngati tolembedwa ndi cholembera.

Kukongola kumeneku ndi chitetezo. Kuli mbalame ina yachikasu, cuckoo finch, yomwe simanga chisa. Imaikira m'chisa cha timba dzira lofanana ndi la mwini wake kuti ailerere mwana. Timba akalizindikira amaliboola n'kulitaya kunja.

Kwa zaka zambiri Claire Spottiswoode wa ku yunivesite za Cambridge ndi Cape Town wakhala akufufuza mbalamezi ku Choma m'dziko la Zambia, pamodzi ndi akatswiri a komweko odziwa kupeza zisa, monga Collins Moya ndi Silky Hamama. Mu 2022 anafalitsa zimene anapeza atayeza DNA ya mbalame za cuckoo finch 196 zochokera m'zisa 141. Anayang'ana kwambiri DNA ya mu mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo, yomwe mwana amatengera kwa mayi yekha. Zinaoneka kuti luso lotsanzira mazira limayenda kuchikazi basi, ndipo mibadwo ina ya zazikazi inasiyana zaka zosachepera 2 miliyoni zapitazo. Tambala angakhale wa kulikonse, dzira limatsata mayi.

Kwa Ansenga a kwa Kalindawalo, amene mtundu ndi ufumu amaziwerengera kwa mayi, izi n'zosavuta kumva.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti njira yomweyi yaimanga miyendo mbalame yonyengayi. Timba amatengera mtundu wa mazira kwa makolo onse awiri, motero amasakaniza mitundu mwamsanga. Ena tsopano amaikira mazira obiriwira modera, omwe cuckoo finch yalephera kuwatsanzira, ndipo ku Choma mazira oterewa achuluka poyerekeza ndi amene John Colebrook-Robjent ankasonkhanitsa kumeneko m'zaka za m'ma 1970.

Inu anyamata oweta ng'ombe m'madambo a Nyimba, mukapeza chisa cha timba dzinja lino, yang'anani mtundu wa mazirawo, kenaka muwasiye momwemo.