Kodi cibokosi cofiila cija ndi cuma kapena ndi sikilapu?

MASIKU ano acinyamata athu amabwela ndi nkhani zambili za pa foni, ndipo imodzi imene yafika ngakhale kwa ife akulu ndi ya makina akale ogulitsa Coca-Cola. Akuti ku America cibokosi cimodzi cofiila ca zaka zoposa 60 cimagulidwa ndi madola masauzande angapo. Atationetsa zithunzi, ena mwa ife anayamba kukumbukila cibokosi cimene cagona kuseli kwa golosale ya malemu atate awo, nkhuku zikuikilamo mazila. Ena anagwila pakamwa, popeza cawo anapatsa kale anyamata a sikilapu pa mtengo wa pa kilo.

Za madolazo n'zoona, koma si cibokosi cofiila ciliconse. Conco musanayambe kuwelengela ndalama za feteleza pa cinthu cimene simunacidziwe, tiyeni tione cimene ogula amafuna.

Makina amenewa kwawo ndi ku America. Kumeneko Coca-Cola anakhala pa mtengo umodzi wa masenti 5 kucokela mu 1886 mpaka ca m'ma 1950, ndipo mtengowu unathelatu mu 1959. Munthu anali kuponya kobili imodzi pa kabowo, n'kupotoza cogwilila, botolo lozizila n'kutuluka popanda wogulitsa. Mkati munali kacipangizo koyesa kukula ndi kulemela kwa kobili, ndiponso maginito, kuti munthu woponya kacitsulo wamba asamwe caulele. Makina ambili anali kulandila kobili ya mtundu umodzi cabe, ndipo zimenezi zinamanga manja kampani pofuna kukweza mtengo. Mu 1953 inafika popempha boma kuti lisule kobili ya masenti 7 ndi hafu, boma n'kukana. Ife a ku Zambia vuto lotele tilidziwa: makobili athu atatha mphamvu kaamba ka kukwela kwa mitengo, panalibe cimene akanagula, mpaka pomwe anabwelanso mu 2013.

Coyamba kudziwa ndi cakuti a Coca-Cola sanali kupanga okha makinawa. Anali kupangidwa ndi makampani ena. Yaikulu inali Vendo, imene inayamba mu 1937 mu mzinda wa Kansas City. Panalinso Vendorlator ya ku Fresno, yodziwika ndi zilembo VMC, imene inaphatikizana ndi Vendo mu 1956, Cavalier ya ku Chattanooga, ndi Westinghouse. Dzina la wopanga lili pa kacitsulo kakang'ono kokhomeledwa m'mbali, kumbuyo kapena mkati mwa citseko, pamodzi ndi nambala ya mtundu ndi nambala ya makinawo. Kacitsulo aka kali ngati cikalata ca ng'ombe pa msika. Popanda iko, wogula wanzelu amayamba kukayika ndipo mtengo umatsika.

Nambala ya mtundu kawilikawili imanena mabotolo amene amalowa. Vendo 39 imatenga mabotolo 39 pa cigudumu cozungulila. Inayamba mu 1949 ndipo inapangidwa yambili, n'cifukwa cake siidula kwambili. Vendo 81 imatenga mabotolo 81 pa mashelufu 9 opendekeka, ndipo ili ndi kacitseko kaching'ining'i ka galasi poonela zakumwa. Ogula amaikonda cifukwa shelufu iliyonse mungaikepo cakumwa cosiyana. Koma imene amalimbilana ndi Vendo 44, ya m'zaka za 1956 mpaka 1959. Ndi yoonda, masentimita pafupifupi 40 m'lifupi, moti imakwana pa ngodya ya cipinda. Cavalier 72 nayonso imafunidwa.

Ngati kacitsulo kanasocela, yang'anani mutu wa cibokosi. Makina a m'ma 1940 ndi 1950 ali ndi mapewa obulungika. Ca m'ma 1960 anayamba kupanga a ngodya zakuthwa, onga filiji wamba, ndipo amenewa mtengo wake ndi wotsika kutali, ngakhale akhale athunthu. Penti nayo imanena zaka: akale kwambili ndi ofiila thupi lonse, pomwe a mutu woyela anabwela pakati pa zaka za m'ma 1950. Koma penti ndi mboni yosadalilika. Aliyense wokhala ndi bulashi angasandutse cibokosi ca kampani ina kukhala ca Coca-Cola. Pitilizani dzanja pa dzina: pa makina ambili ofunika zilembo zinadindidwa m'citsulo ndipo zimamveka kutukuka, si comata ayi. Ndipo musanyoze cibokosi cifukwa si cofiila. VMC 81 ya Pepsi, 7 Up kapena Royal Crown ndi yosowa kuposa ya Coca-Cola, ndipo nthawi zina imaiposa mtengo.

Tsopano za ndalama. Mitengo ikuluikulu imene ana akutionetsa ndi ya makina okonzedwa kale ndi amisili: anawamasula onse, anacotsa dzimbili, anapenta mwatsopano, anasintha mawaya, ndipo akuziziza bwino. Nchito imeneyo payokha imadya madola ambili. Cibokosi cosakonza ca mtundu womwewo cimagulidwa pa kacigawo cabe ka mtengowo. Ndiponso mtengo umene munthu walemba pa intaneti ndi wopempha. Umene wogula analipila ndi nkhani ina, monga momwe zimakhalila pogulitsa mbuzi.

Cimene cimagwetsa mtengo koposa ndi kusowa kwa zamkati. Ngati mashelufu, cigudumu ca mabotolo, cogwilila kapena kacipangizo ka makobili zinacotsedwa, mwatsala ndi cikhokhombe. Dzimbili lapamwamba si mlandu waukulu, koma ngati ladya pansi mpaka kuboola, kaamba ka madzi amene anali kudikha, wogula amabwelela. Pamenepa ndi pamene ambili timalakwa ndi mtima wabwino. Timatenga sandipepa ndi penti ya pa geti kuti cioneke bwino, osadziwa kuti wogula amakonda penti yakale yofwifwa kuposa yatsopano yopaka m'khonde. Cisiyeni mmene cilili, cicotseni pa mvula, mucikweze pa njelwa.

Musafulumilenso kucilumikiza ku malaiti kuti muone ngati cigwila. Makina opangila msika wa ku America amafuna mphamvu ya 110 mpaka 120, pomwe yathu ndi 230, ndipo mawaya a zaka 60 amakhala atafumbwa. Mungapseleze injini kapena nyumba. Mpweya wozizilitsa umene anali kuikamo, wochedwa R-12, unaletsedwa kupangidwa potsatila pangano la ku Montreal la mu 1987 cifukwa umaononga mlengalenga. Musaboole mapaipi ake.

Tinene mosabisa: zambili zimene zili m'magolosale athu akale si makina a makobili. Ndi mabokosi oikamo ayezi kapena mafiliji wamba okhala ndi dzina la cakumwa. Akale kwambili ali ndi ogula awo, makamaka ngati cotsegulila mabotolo ndi civindikilo zilipo, koma mtengo wake sufika pa wa Vendo 44. Mafiliji atsopano a citseko ca galasi, amene makampani a zakumwa amaika m'mashopu, nthawi zambili amakhala katundu wa kampaniyo. Kugulitsa otele n'kudziitanila apolisi.

Ngakhale mutapeza Vendo 81 yeniyeni, kumbukilani kuti imalemela kuposa matumba awili a cimanga, ndipo ogula ambili ali kutsidya la nyanja. Ndalama yotumizila ingameze phindu lonse. Wogula wapafupi, monga mwini loji kapena malo odyela ku Lusaka kapena Livingstone wofuna cokongoletsa, angakhale wabwino kuposa wa kutali amene simunamuonepo. Jambulani kacitsulo ka nambala, mkati ndi pansi pomwe, muonetse anthu awili kapena atatu musanachule mtengo. Ndipo wina akakuimbilani foni kuti ali ndi mzungu wogula, koma muyambe mwatumiza ndalama ya mapepala kapena yoyezetsela, dulani foniyo.