Musanakweze Katundu pa Lole ya Mwini Wake

Popeza dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo feteleza ndi mafuta zimadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, pamene fodya ndi tiyi zimatulukira njira zomwezo, wamalonda aliyense limamufikira tsiku lopereka chuma chake m'manja mwa munthu amene sanadyepo naye nsima. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ku America, bungwe la boma la FMCSA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limasunga mbiri ya makampani a malole, kotero kuti munthu akalemba pa intaneti nambala ya kaundula ya kampani, yotchedwa USDOT, amaona ngozi zimene kampaniyo yachita m'miyezi 24 yapitayo, ndi kuti malole ake analetsedwa kangati kupitiriza ulendo atapezeka ndi chilema. Kwathu kuno wamalonda amadalira maso ake ndi pakamwa pake.

Tsono, inu eni katundu, pitani nokha kumene malolewo amagona. Pemphani COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto inayesedwa ndi a Road Traffic. Pemphaninso mapepala a inshuwalansi, muwerenge modekha, pakuti ina imatchinjiriza lole yokha, matumba anu ayi. Weramani muone matayala, ndipo ngati mawaya ayamba kusuzumira, mawu okoma a mwiniwake musawamverenso. Dalaivala mumutengere pambali, abwana ake ali kutali, mumufunse kumene amagona pakati pa Beira ndi Mwanza, chifukwa wosinza pa chiwongolero sadziwa kuti wadutsa liti mlatho wa ku Tete.